Tsiku Limene Mai Clotilda Anaseka Pamsika

"Foniyo ananditumizira ine kapena iwe?"

Anali mawu a mai Clotilda amenewo, kuseri kwa mpanda wa bango umene umalekanitsa nyumba yawo ndi yanga. Ine Agnesi ndinali pakhonde kusankha anyezi wopita naye kumsika wa Bangula. Sindinachite kutchera khutu ayi, zonse zinkangobwera zokha.

Priska, mwana wawo wamkazi, anayankha mwaulesi, maso ali pagalasi monga mwa masiku onse. Anati foni ndi ya mai inde, palibe akukana, koma mai sadziwa kuwerenga, ngakhale potsegulira pake sapadziwa, ndiye ikhale ndi ndani?

"Sindikufuna kuwerenga ine. Ndikufuna ndimve mawu a Elias. Muimbire."

"Walemba kale, mai. Akuti ali bwino, ntchito yangomuchulukira. Akukupatsani moni."

"Munthu amene ali bwino amalephera kutsegula pakamwa?"

Priska anatsonya. Ndinamva mbale ikugwa, kenako chitseko. Mai Clotilda anatsala akulankhula okha pabwalo, Chichewa chikusakanikirana ndi Chisena monga amachitira akapsa mtima. Ankati nkhabe, ayi ndithu, izi si zoona, mwana amene anamubereka iwo sangathe masabata awiri osawaitana dzina.

Elias anali mwana wawo woyamba, mmisiri womanga nyumba ku Lilongwe. Kale ankaimba Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pa kafoni kamabatani kamene mai ake ankamangirira pansonga ya chitenje. Kafoniko katagwera m'madzi powoloka pabwato kupita ku Makhanga, Elias anatumiza chifoni chachikulu chotsetsereka ndi chala. Chifonicho chinabwera ndi gulu la pa Watsapu lotchedwa Banja la Semba, dzina la banja la kwa amuna awo. Munali aliyense m'gulumo, a ku Nchalo, a ku Blantyre, a ku Beira, ngakhale azisuweni amene sanapondepo pamudzi pano. Anthu ankadzutsana mmenemo, kutumizirana mavesi, kukangana, kugwirizana. Amene sankamva kanthu ndi mai Clotilda okha, eni ake foni.

Lamulungu lotsatira anabwera kwanga dzuwa litapendeka, atanyamula kachidutswa ka katoni kolembedwa nambala ya Elias. Anandipempha ndiimbe pa foni yanga. Anakhala pamkeka, n'kupukuta khutu ndi chitenje ngati kuti akukonzekera mlendo.

Foni inaitana mpaka kuduka yokha. Kachiwiri anayankha ndi Anita, mkazi wa Elias, monong'ona. Anati bambo agona, atopa. Kumbuyo kwake ndinamva chitsulo chikukhukhuluzika pasimenti, ndi munthu wina akubuula. Ndisanati mai akufuna kulankhula, anadula. Posakhalitsa uthenga unalowa: chonde musamaimbe, muzilemba.

Mai Clotilda anandifunsa kuti kwalembedwa chiyani. Ndinati akuti netiweki ikuvuta. Limenelo linali bodza langa loyamba, ndipo mpaka lero limandiwawa. Anati takhuta mwananga, kuthokoza kwa m'Chisena, n'kupinda kachikatoni kawo bwinobwino, ulendo kwawo.

M'mawa mwake ndinamupanikiza Priska pamjigo. Poyamba anazemba, kenako anaika ndowa pansi n'kundionetsa za pagulu lija. Elias anali m'chipatala sabata yachiwiri, chifuwa chitamugwira, miyendo itatupa. Chithunzi chake chinalipo, ali pabedi, nkhope itatha. Pansi pake baba Saulos, mng'ono wa malemu bambo a Elias amene amakhala ku Nchalo, anali atalemba kuti mai ake asauzidwe, magazi amawathamanga, angagwe. Abale onse anavomereza. Ena anaika timanja topemphera, ena chala choimika.

Ndinamufunsa Priska ngati iyeyo akuona kuti n'zabwino. Anati iye ndi mwana, angatsutse bwanji baba Saulos pamaso pa banja lonse? Anatinso Elias achira, nanga kuwavutitsiranji mai ndi nkhani yoti ikutha yokha. Ndinamuuza kuti munthu sabisiridwa matenda a mwana wake, koma ndinanena motsitsa, ndipo nditafika kunyumba nanenso ndinatseka pakamwa. Ndinadziuza kuti za eni.

Sabata imeneyo mai Clotilda anasiya kukangana. Anayamba kuyankha mauthenga aja. Madzulo aliwonse nkhuku zisanalowe, Priska ankawerenga kuti ndili bwino mai, musadandaule. Ndiye iwo ankayamba kumuuza zolemba. Ankalankhula nthawi yaitali, za kutentha, za mapira amene mbalame zikumaliza, za mwendo wawo, za maloto oipa amene akulota. Priska ankangogogoda kawiri ndi chala n'kuika foni pamwendo.

"Zonse ndanenazi zakwana mmenemo?"

"Zakwana, mai."

Ine kuseri kwa mpanda mtima unkandinyeka, koma anyezi wanga ndinkasankhabe.

Elias anamwalira Lachinayi kukucha. Anita analemba pagulu nthawi yomweyo, mawu ochepa ndi tinkhope tolira. Mai Clotilda anali atanyamuka kale kukakumana ndi mabwato a nsomba, foni ili kunyumba ndi Priska.

Tsopano kuno kwathu uthenga wa maliro suyenda chisawawa. Mwana sangauze mai ake kuti mwana wanu wamwalira, ndipo woyandikana naye nyumba ngati ine sangayerekeze. Amabwera wamkulu wa kubanja, n'kukhala pansi, n'kuitana amai awiri akhale pafupi kuti amugwire mnzawo akamagwa. Amayamba ndi kuti matenda akula, n'kumafika pang'onopang'ono. Akatha kunena, mfuu ndiye umayamba. Mwambo umenewu unaikidwa kuti uteteze mayi wobereka, ndipo tsiku limenelo ndi umene unawapweteka mai Clotilda.

Priska ataona uthenga uja, analira chamumtima kuseri kwa nyumba, n'kulembera baba Saulos kuti baba bwerani mudzawauze mai. Sanaimbe, analemba. Baba Saulos anali otanganidwa ndi za galimoto yonyamula thupi. Anayankha ndi chala choimika, iwo n'kuona kuti nkhani yatha, popeza zili kale pagulu ndipo foni ili m'nyumba mwa mai ake. Priska ataona chalacho anati baba ali m'njira. Anasesa pabwalo, anayala mikeka, n'kukhala pansi kudikira munthu amene sanakwere n'komwe minibasi.

Ine ndinaziona cha m'ma eyiti, ndili kale pamalo anga kumsika. Msuweni wina wa Elias anali ataika chithunzi chake pa sitetasi, Elias atavala malaya oyera, kandulo pambali, ndi mawu akuti usa mumtendere. Nditadzutsa mutu, tsidya lina la kanjira mai Clotilda anali akuyala milamba yowamba pathebulo lawo.

Ndipo tsoka lake, tsiku limenelo anali osangalala. Anapeza milamba ikuluikulu, yonona, ndipo kusanatenthe kunabwera munthu wa galimoto wochokera kumtunda n'kutenga dengu lathunthu. Anayamba kuseka ndi anyamata a kabaza, kuwanena kuti njinga zawo zikulira ngati mbuzi za njala. Anagula mbatata yootcha, n'kunditumizira ine theka.

Ndinadziwa kuti sakudziwa. Ndinganame bwanji, ndinadziwa. Ndinaimirira kawiri, kawiri konse ndinakhalanso pansi. Ndinkaopa kuti agwera m'manja mwanga pakati pa msika, anthu n'kudzati Agnesi ndi ndani kubanja la Semba kuti alengeze maliro a eni. Ndinatulutsa foni, ndipo m'malo moimba, nanenso ndinalembera Priska kuti mai ako ali kuno, sakudziwa. Anayankha kuti baba Saulos akubwera.

Pafupi ndi ine amagulitsa Estere, mkazi wa mwana wa baba Saulos. Nayenso ndi wansomba, ndipo iye ndi mai Clotilda anasiya kale kupatsana moni chifukwa cholandana makasitomala. Estere anali m'gulu lija. Maso ake anali ofiira, anali atalira ndithu, koma mmene ankawayang'anira mai Clotilda sizinali za chisoni. Anandikodola n'kundiuza kuti ndione mayi amene mwana wake wafa m'mawa uno akutafuna mbatata.

Ndinati sanauzidwe. Estere anati asanauzidwe bwanji pamene foni ndi yawo, imagona m'nyumba mwawo, ndipo uthenga ukuonetsa kuti unawerengedwa kusanache bwino? Kenako anatsitsa mawu. Anati kodi sindinaone kuti chiyambireni kudwala Elias, nsomba za mayiyu zikungotha ngati zaulere? Anthu ena tikuwotchedwa ndi dzuwa mpaka madzulo, iwo pofika masana dengu lili mbee. Anati zoterezi sizichitika chabe, pali chimene anapereka.

Anakweza foni yake n'kuwajambula kanema. Anawapeza bwino, mutu uli chagada, akuseka mpaka chibwano chonse poyera, mbatata kumanja. Sipanathe nthawi yophika tiyi, kanema uja anali pagulu la Banja la Semba, kuchoka apo n'kulowa m'magulu a tchalitchi, a msika, a kabaza. Ndinaona mitu ikuwerama mzere wonse wa nsomba, kenako ikudzuka kuyang'ana mbali imodzi. Palibe anapita kukawafunsa. Anthu ankadutsa patali ndi thebulo lawo, iwo n'kumawaitana mayina, kudabwa kuti lero anthu alowa chiyani.

Dzuwa lili pamutu Estere anaimirira, n'kuwoloka kanjira kaja. Anthu anamutsatira. Anafika n'kuwaika foni pamaso penipeni, chithunzi cha Elias ndi kandulo chija.

Mai Clotilda anapukuta manja pachitenje, nkhope yawo n'kuwala.

"Elias uyu. Taonani mwana wanga, malaya akewo. Estere, uli naye pafoni? Muimbire ndimve, chonde mwananga, muimbire."

Wina kumbuyo anaseka kuseka koipa. Estere anabweza foni yake n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Musatipusitse, mai. Mwamudya mwana, tsopano mukufuna mumve chiyani?"

Iwo sanamvetse. Anayang'ana Estere, anayang'ana anthu, kenako maso awo anandipeza ine. Anandifunsa kuti ninji, Agnesi, akunena chiyani ameneyu? Apo ndiye ndinawoloka, mochedwa ndi maola anayi. Panalibe mkeka, panalibe wamkulu, panalibe zoyamba ndi matenda akula. Ndinawagwira mapewa pakati pa ntchentche ndi fungo la nsomba, n'kunena kuti mai, Elias watisiya m'mawa uno.

Sanalire. Anthu ambiri amatero. Anangokhala pansi m'fumbi, miyendo n'kutambasula, pakamwa pali yasa. Koma kwa amene anali ataonera kale kanema, kusalira kumeneko kunali umboni wachiwiri. Ndinamva wina akuti taonani, ngakhale msozi umodzi. Ndinawakweza pakabaza, ine pa ina pambuyo. Titafika tinapeza Priska atakhala pamkeka woyala bwino, foni m'manja, akudikirabe.

Thupi linafika Loweruka. Silinatsikire pakhomo pa mai ake. Baba Saulos analamula kuti siwa ikhale kunyumba ya makolo a Semba, chifukwa akuti abale sakumasuka kulowa m'nyumba ya mayi uja. Mai Clotilda ndi mtengwa pamudzi pano, kwawo n'kutsidya kwa mtsinje, ndipo chimwalirireni amuna awo analibe wowaimira. Atafika pakhomo la siwa kuti alowe akakhale kumutu kwa mwana wawo, amai a kubanjako anatseka khomo ndi matupi awo. Sanawakankhe, sanawatukwane. Anangoima. Anawalozera pansi pa mtengo wa masawu, kumapeto kwa bwalo, ndipo ndinakakhala nawo ine ndekha.

Ndinapita kwa baba Saulos pamene anakhala ndi amuna anzawo. Ndinagwada, n'kuwauza kuti mayiwa sanauzidwe za matenda ngakhale za imfa, ndipo amene analetsa ndi iwo omwe. Anandiyang'ana ngati nkhuku yalowa m'tchalitchi. Anati zonse zinali pagulu, aliyense anawerenga, foni inali m'nyumba mwawo, ndiye iwo akanatani, akanalemba kumwamba? Anawonjeza kuti maliro ano ali ndi eni ake, ine ndikathandize kutunga madzi.

Ndinamukokera Priska kuseri kwa khola. Ndinamuuza kuti ndi iye yekha angawatsuke mai ake, aimirire pamaso pa anthu anene kuti foni inali ndi ine, ndinkawawerengera zabodza, sindinawauze. Anati sangathe, mawu sangatuluke, anthu onsewa. Ndinati mai ako akutchedwa mfiti pamaliro a mwana wawo, iwe ukuti mawu sangatuluke? Analira, n'kuti achita.

Anachitadi, koma mwa njira yake. Anakhala pansi pomwepo n'kulemba pagulu. Analemba zonse, mosabisa, ndinaziwerenga. Ndinaona mafoni akutuluka m'matumba ndi m'zitenje bwalo lonse, kwaya ili pakati pa nyimbo. Anthu anawerenga. Ena anayang'ana kumtengo wa masawu mwakuba, n'kubweza maso. Msuweni wa ku Beira anaika kankhope kolira. Kenako baba Saulos, poti ndiwo mwini gulu, anafufuta uthengawo n'kulemba kuti ino si nthawi yolozana zala. Palibe ngakhale mmodzi anadzuka kupita kumene anakhala mai Clotilda. Iwonso sanadziwe kuti mwana wawo wawapepesa, chifukwa Priska sanabwere kudzanena.

Nthawi yoona nkhope anawalola kudutsa pamzere ngati wina aliyense, pambuyo pa anthu a kumpingo. Atawerama kuti amugwire pamphumi, wina anawagwira dzanja n'kuti tiyeni mai, anthu ndi ambiri.

Elias anaikidwa masana omwewo. Anthu atayamba kubwerera, Anita anabwera pamene tinaima. Anali atatheratu mtsikanayo, sindingamunenere zoipa zokhazokha, anadwazika yekha masabata atatu. Anagwada patsogolo pa apongozi ake. Mai Clotilda anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa funso limodzi, modekha, ngati akufunsa mtengo wa mchere.

"Anandifunsako?"

Anita anayamba kulira. Anati mauthenga a masiku omaliza ankalemba ndi iye, Elias zala zinali zitasiya kugwira. Koma Lachiwiri, masiku awiri asanamwalire, anatsitsimuka pang'ono n'kunena kuti ndiimbireni mai, ndikufuna ndilankhule nawo. Ananena kawiri.

"Ndiye?"

"Ndinafunsa pagulu, mai. Mawu ake anali atasasa kwambiri, mukanadziwa. Anthu anati adikire ayambe wapezako bwino."

"Anthu ake ati?"

Priska anali ataima pambali, ndipo anagwetsa nkhope pansi, moti sipanafunike kufunsanso.

Ndinkayembekeza kuti mai Clotilda akuwa, kapena agwa monga ankaopera baba Saulos. Sanagwe. Anachotsa dzanja langa paphewa lawo, n'kubwerera kumanda, okha, akukoka mwendo wawo wovuta uja. Anthu amene anali m'njira anapatuka. Anafika pamtumbira, dothi likadali lofiira, n'kukhala pansi chakumutu, pamene anawakaniza kukhala m'siwa.

"Elias. Ndine mai ako."

Analankhula mokweza, mmene ankalankhulira pa kafoni kawo kakale mawu akamamveka patali. Anamuuza kuti sanadziwe, akanadziwa akanakwera basi tsiku lomwelo ngakhale osavala nsapato. Anamufunsa kuti chinkamupweteka n'chiyani, n'kukhala chete kanthawi, mutu atapendeketsa, kumupatsa mpata woyankha. Kenako anati eya, eya mwananga, pepa. Anamufunsa ngati ankadya, ngati anamufunditsa bwino, n'kudikiranso. Anamufunsa chimene ankafuna kuwauza Lachiwiri lija. Apo anadikira nthawi yaitali kwambiri, ndipo misozi imene msika wonse unkaifuna ija inayamba kutsika, popanda wowagwira.

Ndinamva phazi kumbuyo kwanga, n'kuganiza kuti mwina wina wa kubanja wachita manyazi, akubwera kudzawadzutsa. Nditacheuka ndinapeza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ataima m'mphepete mwa manda, mafoni ali m'mwamba. Mmodzi ankanong'oneza mnzake kuti ajambule bwino, anthu aone okha kuti mayiyu amalankhula ndi akufa.